Mphika wa pansi pa mchombo

Ife a ku Kande timaona zambiri, poti magalimoto a alendo amatitulira anthu a mitundu yonse pagombe pathu. Koma mkulu amene ndinamupeza mbandakucha ataima pamchenga, mawondo atapinda, manja akuyenda pang'onopang'ono ngati akukoka khoka losaoneka, anandiimitsa mutu. Ndinapita kukamutsatsa chiboliboli cha mvuu. Sanagule. Anandipatsa nzeru, zomwe kuchigayo salandira.

Anati amatsata chiphunzitso cha Dao cha ku China. Kalekale akatswiri a kumeneko ankaphika miyala yofiira ya mekyule pofuna mankhwala oletsa imfa. Mafumu angapo a ufumu wa Tang, monga Wuzong mu 846, anamwa n'kutsikira kulichete nthawi isanakwane. Ena anaona kuti ndi bwino mphikawo ausamutsire m'thupi. Uli pansi pa mchombo, dzina lake dantian. M'menemo mumaphikidwa jing, mphamvu yobadwa nayo imene amati imasungidwa mu impso. Ikapsa imasanduka qi, mpweya woyenda m'thupi lonse, ndipo qi ikayengeka imasanduka shen, mzimu wowala. Chokolezera moto ndi kupuma. Ukhale pansi, utsinzine, ugogode mano, umeze malovu, usachite kanthu.

Usachite kanthu! Abale anga, zaka zonsezi apongozi akhala akunditcha mlesi, osadziwa kuti mwana wawo anakwatiwa ndi katswiri.

Ndinayala mkeka pansi pa mango n'kuyamba ntchito. Mayi a kunyumba anatulukira ndi dengu la chinangwa chovuula kumene.

"Ada, anzanu akukonza chilimira. Inu mukutani?"

"Ndikuphika."

Anasuzumira kukhitchini, anapeza mafuwa ali zii. Ndinawafotokozera modekha kuti mphika uli mkati, komanso kuti mwamuna wanzeru samwaza jing yake chisawawa, aziisunga. Analoza ana athu mmodzimmodzi, kuyambira wa ku sekondale mpaka wa kumsana, n'kunena kuti mlendo wangayo wachedwa.

Sindinagonje. Ndinawaphunzitsa kuti kwa asing'anga a ku China chiwindi ndi mtengo, mtima ndi moto, kapamba ndi nthaka, mapapo ndi chitsulo, impso ndi madzi, ndipo zonsezi zimadyetsana ndi kuletsana. Mantha amapweteka impso, mkwiyo umapweteka chiwindi. Choncho, mayi, chepetsani ukali.

"Nanga njala imapweteka chiyani?"

Funso limenelo mlendo uja sanafikepo. Madzulo kondowole inabwera yokha, yopanda ngakhale mutu wa usipa, ndi uthenga woti ndidyere malovu aja.

Munthu wosachita kanthu sapha udzudzu. Ndinkausiya uziimba m'makutu dzuwa likamalowa, ine maganizo onse ali pansi pa mchombo. Ndipo tsiku lina zinatheka. Ndinamva kutentha kukukwera ndi msana mpaka pamutu, ndendende njira imene mlendo ananena kuti qi imadzera. Thupi linayamba kunjenjemera, mano akugogoda okha osawatuma. Ndinakuwa kuti yapsa! Mayi anandigwira pamphumi, osayankha, n'kuitana wa njinga yamoto.

Kuchipatala anandibaya pachala, kachipangizo kanaonetsa mizere iwiri. Malungo. Ndinayesa kuwauza adokotala za dantian, iwo anaseka mpaka kuvula magalasi. Kenako anandionetsa paketi ya LA n'kufunsa ngati ndikudziwa kwawo kwa mankhwalawa. Gawo lake limodzi, anatero, limachokera ku chitsamba cha ku China chotchedwa qinghao. Mkulu wina, Ge Hong, analemba zaka zoposa 1,600 zapitazo kuti wodwala malungo aviike masamba ake m'madzi, afinye, amwe. Mayi wina wasayansi, Tu Youyou, atawerenga zimenezo anazindikira kuti kuwiritsa n'kumene kunkapha mphamvu ya chitsambacho. Anachiyenga mosatenthetsa, mankhwala anapezeka, ndipo mu 2015 analandira mphoto ya Nobel. Ge Hong yemweyo anali wa Dao, wosakasaka moyo wosatha, ndiye kuti mnzanga wa ntchito imodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti iye nthawi zina ankadzuka pamkeka.

Dziko lathu linayamba kupereka LA mu 2007, Fansidar atatopa. Ndiye kuti kuyambira pamenepo Kande yense, Chintheche mpaka Usisya, akhala akumwa nzeru za ku China popanda kugogoda dzino. Ngakhale apongozi anga, amene China amangoidziwira pa mbale za pulasitiki, ananditsogolera.

Anandipatsa mapiritsi 24, anayi m'mawa, anayi madzulo, masiku atatu, n'kundilangiza kuti ndizimwera chakudya cha mafuta kuti agwire bwino ntchito. Titafika kunyumba ndinalengeza ndi mawu ofooka kuti adokotala alamula batala wokazinga. Ndinaiwala kuti mayi anali chiimire kumbuyo kwanga m'chipinda muja. Anandipatsa mtedza wodzaza chikhatho, n'kupinda mkeka wanga kukaanikapo chinangwa.