Makina a Amalume ku Kasisi

Amalume ali ndi golosale ku Kasisi. Atatopa ndi kusowa kwa ndalama m'kabati, anakwera minibasi, kuwoloka Shire, kukwera zitunda za Thabwa mpaka ku Limbe kukagula makina ogulitsira katundu. Mnyamata wa m'sitolo anawaonetsa chikompyuta chachikulu, kabati yotseguka yokha ili pansi pake.

"Nanga magetsi akathima?" anafunsa amalume.

"Kwanu n'kuti, bambo?"

"Kwa Kasisi, kufupi ndi Kapichira."

"Aaa, ndiye mukudandaulanji? Magetsi amachokera kwanu komweko!"

"Mwana wanga, wophika nsima amadya pomaliza."

Anamukumbutsanso kuti mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuzimirira usiku umodzi. Chikompyutacho anachisiya. Anasankha kamakina kokwana m'dzanja, ka batire, kotchaja pa sola. Pamenepa pokha ndimawavulira chipewa.

*

Anagulanso kowunikira mitengo, kaja kowala mofiira kamene kamawerenga timizere ta pa paketi. Pa shuga wa ku Nchalo kanati tiii! Pa sopo, tiii! Ana a sukulu anadzaza pakhonde kudzaonerera.

Kenaka kunabwera mayi wina. "Mundipatse usipa mulu umodzi, mafuta a m'kachubu ndi mchere wa K100."

Amalume analoza kamakinako pa usipa. Zii. Anatembenuza nsomba imodzi, kuiwunika kumimba. Zii. Atayimbira foni mnyamata wa ku Limbe uja, anawauza kuti kamawerenga zokhala ndi mizere basi.

"Kuno chokhala ndi mizere ndi mbidzi za ku Majete," anatero amalume, "ndipo sindigulitsa."

Theka la katundu wa golosale yakumudzi ndi wopimidwa pa supuni, pa kapu ndi pa mulu. Ogulitsa makina m'tauni zimenezi sazilota n'komwe.

*

Chimene chinandikomera ine ndi nkhani ya lisiti. Mu 2014 a MRA anayamba kulamula amalonda olembetsa msonkho wa VAT kuti azipereka malisiti a pa makina. Golosale ya amalume sinafike pamenepo, koma ankafuna kuoneka ngati sitolo ya ku Blantyre. Chimene sankadziwa n'chakuti timakina timeneti tilibe inki. Timalemba pochita kuwotcha pepala, ndipo pepalalo likamva kutentha kwina kulikonse limangopitiriza kuda. Tsono taganizani Okutobala wa ku Chikwawa, dzuwa lopitirira madigiri 40, nkhuku zili kukamwa yasa pansi pa nkhokwe.

Mkulu wina wa kabaza wa njinga yamoto anagula tochi. Lisiti analipanikiza pafupi ndi injini, ulendo wa ku Dyeratu. Pobwera tochi inali itafa, ndipo anatulutsa kapepala kakuda bii ngati chimanga chopserera.

"Achimwene, ndibwezereni ndalama zanga. Umboni ndi uwu."

Amalume anavala magalasi, kukayang'ana kapepalako nthawi yaitali, kukatembenuza, kukaloza kudzuwa.

"Apa palembedwa kuti katundu wogulidwa sabwezedwa."

"Pati?"

"Ponseponse."

*

Kamakinako kamalandiranso ndalama za pa foni, za Airtel Money ndi Mpamba. Koma m'golosalemo netiweki imalowa mwamanyazi ngati mkamwini watsopano. Imapezeka bwino pa chulu chakuseri. Ndiye wogula akati alipira pa foni, onse awiri amakwera chulu, manja m'mwamba ngati akupempha mvula. Tsiku lina anatsika atalandira K2,000, n'kupeza mbuzi itamaliza mabanzi a K3,000. Madzulo makina anati malonda ayenda bwino.

*

Vuto lalikulu linali m'pulogalamu. Wogula akamaliza kusankha, makina amafunsa kuti alipira bwanji: ndalama m'manja, khadi kapena foni. Batani loti "ndidzapereka tikagulitsa thonje" mulibe.

Amalume anaona kuti apeza pothawira. Aliyense wofuna ngongole ankangomuuza kuti, "Ine ndilibe vuto, koma makinawa akukana." Zinayenda sabata ziwiri. Ngakhale mkulu wa mpingo anabwerera chimanjamanja.

Lachitatu lina kunafika apongozi awo. Anakhala pa benchi, kupukuta thukuta, n'kuitanitsa shuga, masamba a tiyi ndi sopo awiri.

"Amayi, pepani, makinawa salola ngongole."

Apongozi anawayang'ana makinawo, kenaka n'kuyang'ana amalume.

"Kodi makinawa ndi amene anakwatira mwana wanga?"

"Ayi, amayi."

"Ndiye auzeni akhale chete, akuluakulu tikulankhula."

Madzulo omwewo kope lakale la ngongole linatuluka pansi pa matiresi. Lero makina ali pa kauntala, kope lili pambali pake, ndipo lodzaza msanga ndi kope.

Inu amene mukuganiza zokagula anu ku Limbe, nyamulani kamulu ka usipa m'thumba mukayesere pomwepo. Ngati n'kotheka, mutengenso apongozi.