Mphwanu Wasanduka Nkhoswe ku Joni

Randburg, Johannesburg

Achimwene,

Mphwanu wakwezedwa pa ntchito. Malipiro ndi omwe aja, wilibala ndi khasu akadali nazo, koma amuonjezera unkhoswe. Banja la abwana ake likufunsira mbeta ku Durban, ndipo mbetayo ndi chipinda cha mu hotela.

Kuno Disembala akafika pakati, makampani omanga nyumba amatseka, ana amakhala atatsekera kale sukulu, ndipo Joni yense amakhuthukira mumsewu wa N3 kuthamangira kunyanja yamchere. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 570, kudutsa pa Harrismith, kutsetsereka pa Van Reenen, n'kulipira pa zipata zisanu munthu asananunkhize n'komwe mchere. Popeza onse amafuna kukagona malo amodzi nthawi imodzi, ochenjera amayamba kufunsira kukadali chisanu, mu Julayi. Abwana anachedwa, ndiye m'nyumba munalibe mtendere. Madamu atakumbukira kuti wa m'dimba uja anabadwira m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota, komanso kuti anatsukako magalimoto ku Durban asanabwere ku Joni, anamuitanira pakhonde, n'kumupatsa mpando, tiyi wamkaka ndi kompyuta yotsegula kale. Munthu amene amafunsidwa za manyowa okhaokha anapezeka akufunsidwa za banja.

Choyamba chimene nkhoswe anaphunzira n'chakuti pa chithunzi palibe mbeta yoipa. Zonse zadzola, zonse zayala nsalu zoyera, zonse zikumwetulira. Koma mukafunsitsa mumapeza kuti m'nyumba imodzi muli ana aakazi atatu a bere limodzi. Woyamba amayang'ana nyanja maso ndi maso. Wachiwiri amaiona cham'mbali, kutanthauza kuti utuluke pakhonde, usuzumire, upotoze khosi mpaka msana ulire, pamenepo ndiye uone kachidutswa ka madzi pakati pa nyumba ziwiri. Wachitatu anafulatira nyanja, amayang'ana koimika magalimoto ndi mapaipi a kukhitchini. Bedi ndi lomwelo, chimbudzi n'chomwecho, sopo ndi yemweyo. Koma kuno ndi dziko la malowolo, ndipo ng'ombe za woyamba uja sizifanana ndi za wachitatu.

Apa mphwanu analephera kudzigwira. Anauza madamu kuti kwathu nyumba timamanga chofulatira nyanja dala, kuopa mwera, ndipo pakhomo pa amayi chimene chimayang'ana bwino madzi ndi chimbudzi, chija chitseko chake n'chiguduli. Anati pa mitengo ya ku Durban, chimbudzi chimenecho chikanaphunzitsa ana onse mpaka ku Chanco. Madamu anaseka mpaka misozi, kenako n'kufunsa ngati pamalopo intaneti imagwira.

Ndiye pali nkhani ya msinkhu wa mbeta. Mahotela ambiri a ku Golden Mile, kuyambira ku uShaka Marine World kulowera cha ku bwalo la Moses Mabhida lija la mpira wa 2010, sali pamchenga penipeni. Pakati pa iwo ndi madzi pali msewu wa magalimoto ndi chinjira chachikulu cha oyenda pansi, opalasa njinga ndi okoka zikuku ovala nthenga ndi mikanda kumutu. Mbeta ya pansanjika yachiwiri imalumbira kuti ikuyang'ana nyanja, ndipo sikunama ayi, kungoti pakatipo pali madenga, mitengo ya kanjedza ndi maminibasi oliza nyimbo mpaka mbandakucha. Pa 16 Disembala, pa 26 ndi pa 1 Januwale, mchenga suoneka n'komwe ndi anthu. Wofuna bata akwere m'mwamba, ndipo akamakwera ng'ombe nazo zimakwera naye. Ku Umhlanga, chakumpoto pang'ono, kumene kuli nsanja younikira sitima yofiira ndi yoyera ya mu 1954 pafupi ndi hotela ya Oyster Box, ndiye kuli mbeta zoponda mchenga zenizeni, za ku banja lachifumu. Abwana atangoona mtengo wake ananyamuka mwakachetechete n'kupita kukathirira maluwa, ntchito ya mphwanu.

Mwana wawo wamkulu, namwali wosasiyana ndi foni, anafuna kukafunsira mudzi wina, ku Camps Bay ku Cape Town, kumene dzuwa limalowera m'nyanja ndipo zithunzi zimatuluka bwino. Bambo ake anamukumbutsa kuti kumeneko ndi makilomita pafupifupi 1,400, ndipo madzi a Atlantic ngozizira moti umalowetsa phazi n'kulitulutsa lisakumva kanthu. A ku Durban ngofunda, chifukwa m'nyanjamo mumayenda mtsinje wa madzi otentherapo wotchedwa Agulhas, wotsika kuchokera cha ku Mozambique. Nkhani ya Cape Town inathera pomwepo.

Kwathu ukafuna kudziwa khalidwe la mbeta umatuma azakhali kukafunsa anansi monong'ona. Kuno amafunsa amuna ake akale. Onse amene anagonapo m'chipindamo amalemba pa intaneti, aliyense ndi dandaulo lake, ndipo madamu amawerenga mokweza, osadumpha ngakhale mmodzi. Wina akuti madzi osamba ankangodontha. Wina akuti chikepe chinali chimodzi cha nyumba yonse, moti anakalamba akudikira. Wina, amene mphwanu akulakalaka atamuona nkhope, anapereka ng'ombe zonse zija kuti agone moyang'ana nyanja, n'kudandaula kuti mafunde anamusowetsa tulo. Palinso satifiketi. Bungwe la Tourism Grading Council of South Africa limayendera mahotela n'kuwapatsa nyenyezi, kuyambira imodzi mpaka zisanu. Koma nyenyezizo n'za banja lonse kumene mbeta ikuchokera, sizikuuzani kuti mwana amene akupatseniyo zenera lake laloza kuti. Nkhoswe analangiza kuti aimbe foni, afunse nambala ya nsanjika ndi mbali yake, ndipo yankho libwere cholemba, pakuti ankhoswe akuchikazi amaiwala msanga zimene analonjeza pakamwa.

Pa zina mphwanu analankhula ngati mwana wa kunyanja, ndipo anamveka wanzeru kuposa mmene inu mumamudziwira. Durban anayang'ana kum'mawa ngati Nkhotakota. Mu Disembala dzuwa limatuluka m'madzi 5 koloko isanakwane n'kulunjika pa bedi, choncho amene ali ndi ana aang'ono afunse za makatani ochindikala, apo ayi tchuthi chonse azidzuka nthawi ya asodzi. Khonde nalo alifunse: zitsulo zake n'zazitali bwanji, ndipo mipata yake mwana wa zaka zitatu sangatulutsepo mutu? Ku Umhlanga apusi amalowera pa chitseko cha khonde chikasiyidwa chotsegula, n'kunyamula shuga ndi nthochi, osasamala kuti mwalipira zingati. Nanga chikepe chili ndi jenereta? Aliyense kuno akukumbukira 2023, pamene magetsi ankazima pafupifupi tsiku lililonse, ndipo agogo, mayi awo a abwana, maondo awo sangakwere masitepe a nsanjika 15 chifukwa chokonda nyanja.

Mukakwatira chipinda, apongozi anu ndi nyanjayo, ndipo ali ndi malamulo awo. Kusambira ndi pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu basi. Ukapatuka pang'ono mluzu ukulira kale. Kutsogoloko kuli makoka okola nsomba zolusa za shaki, amene anayamba kuikidwa ku Durban mu 1952, ndipo m'mamawa maboti a KwaZulu-Natal Sharks Board amapita kukawayendera. Tangoganizani, achimwene, anthu olembedwa ntchito, olandira pa mwezi, oyendera makoka koma osayembekezera ndiwo! Apongoziwa amadwalanso. Madzi osefukira a mu Epulo 2022, amene anapha anthu oposa 400, anaphwanya mapaipi a zonyansa za m'zimbudzi, ndipo chichokereni pamenepo khonsolo ya eThekwini yakhala ikutseka magombe ena akayeza n'kupeza kuti tizilombo ta E. coli tachuluka. N'chifukwa chake madamu analimbikira kuti hotelayo ikhale ndi dziwe losambiramo. Ndiye kuti munthu ayende makilomita 570, alowole nyanja, akasambe m'thanki.

Pa chikole ndi pamene mlandu unakula. Nyengo ya Khirisimasi mahotela ambiri amafuna ndalama yogwiriziza pomwepo, ena amakuuziranitu kuti usiku umodzi kapena uwiri wokha salola, ndipo mukasintha maganizo mochedwa chikole sichibwerera. M'munsi mwa pepala muli timalemba ting'onoting'ono tofunika magalasi: kadzutsa ali momwemo kapena ayi, galimoto igona ulere kapena ilipira, ana ogona ndi makolo amawerengedwa kuyambira zaka zingati, ndi kamsonkho ka 1 peresenti ka zokopa alendo kamene mahotela ambiri amaonjezera. Banjali likufuna zipinda ziwiri zokhala ndi chitseko chapakati, kuti agogo agone ndi adzukulu. Abwana anawerengera pa foni nthawi yaitali, kenako n'kubwera ndi nzeru: atenge mwana wachitatu uja, wofulatira nyanja. Anati m'chipinda munthu amapitamo kukagona, ndipo wogona maso amakhala otseka. Wofuna kuona madzi atsike akaone ulere. Kunena zoona nkhoswe anagwirizana nawo mumtima, koma popeza tiyi anali wa madamu, anangoyang'ana m'kapu.

Mlandu anaugamula ndi agogo. Nthawi yonseyi anali chete pakona, akuluka. Iwo anakulira ku Umlazi, ndipo ali mtsikana ankalera ana a azungu ku Durban. Ankawaperekeza kugombe, kuwanyamulira matawulo, kuwapukuta akatuluka, koma iwo madziwo osalowamo, chifukwa zikwangwani zinkanena kuti gombelo n'la azungu okha, motsatira lamulo la 1953 logawa malo potengera khungu. Magombe anatsegulidwa kwa onse mu 1989, lamulolo n'kufafanizidwa mu 1990, iwo ali kale ntchembere. Anati zipinda zoyang'ana kumbuyo anagonamo zokwanira pa moyo wawo. Palibe anayankha. Abwana anatulutsa khadi la kubanki, ndipo chikole chinapita kwa mwana woyamba, nsanjika ya nambala 12, ku North Beach.

Mphwanu anauona mtengowo pa kompyuta. Malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa kuno mu Malichi 2025 anali R28.79 pa ola, ndipo iye sali nawo patali. Usiku umodzi wa chipinda chimodzi ukumeza thukuta lake la masabata awiri, chakudya chamadzulo osawerengera.

Achimwene, khoma lija la kuchipinda kwa amayi lili bwanji?

Chisefukireni nyanja mu 2024, pamene madzi analowa m'nyumba za anthu ndi m'malo ogona alendo kuyambira ku Mangochi, Salima mpaka kwathu, palibe amene wamuuza mphwanu zoona. Pa foni amayi amangoti zonse zili bwino. Koma pa chithunzi chimene mlamu wanu anatumiza mwezi watha, chojambula ana, kumbuyo kwawo kukuoneka mng'alu wochokera pansi kukafika pa zenera, ndi mtengo wochirikiza khoma. Iye anachikulitsa ndi zala mpaka nkhope za ana zinatulukamo, n'kutsala mng'alu wokhawokha. Mvula yayandikira. Ndalama ya simenti imene anatumiza ija akudziwa kuti inathera ku chipatala ndi ku chimanga, ndipo sakuimba munthu mlandu. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zimene amawerengera ali kuno sizikumana ndi mitengo ya pa Boma.

Khirisimasi ino sabwera. Banja likadzakhala ku Durban iye adzatsala kulondera nyumba ndi agalu awiri, ndipo madamu alonjeza kuonjezera kangachepe. Ndalama ya basi yopita ndi yobwerera, akaiphatikiza ndi imeneyo, ikwana kuyambira china chooneka. Chimene chikumusowetsa tulo ndi kamwana kake komaliza. Tsiku lina akucheza pa foni, kanafunsa amake ngati ababa a mufoniwa ali ndi miyendo, popeza kamangowaona kuyambira m'khosi. Onse anaseka, iyenso anaseka, koma ataweruka sanadye.

Mwezi ukatha atumiza ndalama pa Mukuru m'dzina lanu. Simenti musagulenso, khomalo laima m'chinyezi. Pitani kwa amfumu mukafunse za malo aja a kumtunda, kuseri kwa sukulu, ngati sanaperekedwe. Amayi asamukire kwanu mvula isanalimbe, njerwa zidzaumbidwa mu Meyi. Akana, mukuwadziwa, atchula manda a ababa ndi mtengo wa mango. Musalimbane nawo nokha, itanani amalume. Zoti sabwera musawauze, adzawaimbira yekha Lamulungu akaweruka ku tchalitchi. Ndipo mumujambulire khomalo mbali zonse, mkati ndi kunja, popanda ana kuima kutsogolo.

Moni kwa alamu ndi ana onse.

Mphwanu