Kapaketi ka Tishu ku Singapore

Bambo a Chisomo atalandira ndalama zimene anazidikira zaka zitatu kuntchito, ine mtima unali pa malata. Iwo anati malata sathawa, koma ana akukula osaliona dziko. Ndi mmene tinapezekera ku Singapore, anthu anayi, masiku anayi, ndi kathumba ka ufa kamene ndinabisa pansi pa zovala. Ufawo unabwerako wosamasula, pakuti m'chipinda cha hotela munali ketulo basi.

Titangotera pa bwalo la ndege la Changi, ana anatikokera ku Jewel, chinyumba chagalasi chimene chinatsegulidwa mu 2019, mmene madzi amagwa kuchokera kudenga kutsika mamita 40. Bambo anakweza maso, kenaka nkundinong'oneza: "Mayi a Chisomo, mwaona? Kuno denga likadontha anthu amajambula. Inu kwathu mumangolalata."

Phunziro loyamba tinalipeza pa masitepe oyenda okha. Kumeneko woima amaima kumanzere kuti wofulumira adutse kumanja. Ife tinaima tonse mopingasa ngati tikujambulitsa pa chinkhoswe, mpaka kumbuyo kunachita mzere wa anthu osalankhula, ongoyang'ana. Ndi bwino munthu akutukwane, umayankha. Wongokuyang'ana umutani?

M'sitima ya pansi pa nthaka, imene amaitcha MRT, Chisomo anawerenga chikwangwani mokweza: kudya kapena kumwa m'sitima, chindapusa chake mpaka madola 500 a dzikolo. Pambali anajambulapo durian, chipatso chaminga chafungo lamphamvu, kuti nacho chisalowe. Nthawi imeneyo nkuti bambo ataponya kale m'kamwa mtedza wokazinga wochokera m'thumba la jekete. Ndinaona maso awo akusintha madolawo kukhala makwacha. Nsagwada zinaima. Munthu amene m'minibasi ya ku Ndirande amasenda nthochi nkuponya khoko pawindo anayenda masiteshoni asanu tsaya litatupa, osatafuna, osameza.

Koma nkhani yeniyeni inachitikira ku Chinatown, pamalo odyera amene amawatcha hawker centre. Tingoti ndi chiimirire chimene chinapita kusukulu: timashopu tambirimbiri, mpunga wa nkhuku wotsika mtengo, anthu piringupiringu. Bambo anaona tebulo lopanda munthu, pamwamba pali kapaketi ka tishu.

"Dziko lolemera ndi ili," anatero akukhala pansi. "Ndi tishu yemwe ngwaulere."

Anasolola, anapukuta thukuta, anagawirako ana, kotsalako nkuika m'thumba kuti tikagwiritse ntchito kunyumba. Posakhalitsa panafika mtsikana wovala za muofesi, mbale ya supu ili m'manja.

"Ankolo, tebulo ili ndinaligwira kale."

Bambo anamva liwu loyambalo lokha. Kumeneko mwamuna aliyense wachikulire ndi ankolo, mayi aliyense ndi anti, koma iwo anaona ngati apeza mbumba kutsidya kwa nyanja. Anamulozera mpando namufunsa ngati kunyumba ali bwino. Anali Chisomo amene anawakoka malaya: "Adadi, bwezani tishu." Tinamva kuti mwambowo amautcha chope: ukaika kapaketi ka tishu, ambulera kapena khadi patebulo, malowo ndi ako, ndipo palibe amene angasunthe. Kapepala kamalondera tebulo kuposa mlonda wa chibonga.

Titadya pa tebulo lina, panachitika chozizwitsa. Kuyambira mu 2021, wodya pamalo otere amayenera kubweza yekha thireyi ndi mbale, apo ayi amachenjezedwa, akabwereza amalipitsidwa. Bambo a Chisomo, amene pa zaka 17 za ukwati sanadziwepo njira yochokera patebulo kupita kukhitchini, ananyamula mbale zinayi, masupuni ndi mafupa omwe. Ndinawajambula. Pa zithunzi zonse za ulendowu, chimenechi ndiye ndinachapitsa.

Madzulo tinakaona Merlion, chiboliboli cha mutu wa mkango, thupi la nsomba, chimene chimalavula madzi m'nyanja ya Marina Bay. Mng'ono wake wa Chisomo, amene tinamuopseza tsiku lonse kuti kulavula pamsewu nkulakwa ndiponso kuti chingamu analetsa kugulitsa mu 1992, anafunsa: "Amami, nanga ameneyu samumanga?" Bambo anayankha kuti ameneyo ndi wa boma.

Tinabwerera ku Blantyre ndi mphunzitsi m'nyumba. Aliyense wobwera kudzationa ankapatsidwa tiyi ndi phunziro: Singapore inaima payokha mu 1965, ife mu 1964, ndiye kuti ndife achimwene awo, koma taonani. Vuto lathu, ankatero, ndi kusasunga mwambo. Ankanena zimenezi akukankhira mbale kwa ine kuti ndichotse.

Tsiku loyesa mwambowo linali la ukwati wa mphwawo, mu Okutobala, holo itadzaza, kukutentha. Itafika nthawi ya perekaniperekani, bambo anatulutsa kapaketi ka tishu, nkukaika bwinobwino pampando, nkupita kukavina. Pobwera anapeza pampandopo pakhala mayi wina wa thupi lake, akupukuta khosi.

"Zikomo achimwene, mwatiganizira," anatero mayiyo, akupatsira tishu anzake a mzere wonse.

Ndinawauza bambo kuti asadandaule, chope tili nayo ifenso. Timaika chidebe pamjigo, mwala pamzere, chigubu pa filing'i siteshoni. Kungoti yathuyi imafuna mwana wokhala pambali pake, makamaka wodziwa kukuwa.

Mvula yoyamba inagwa mu Novembala, usiku, tikudya. Madzi anayamba kutsika pakati penipeni pa balaza, pamalo aja ndinkanena. Ndisanatsegule pakamwa, Chisomo anatenga foni, nkuima patsogolo pa beseni.

"Adadi, bwerani tijambulitse. Changi yafika."