Kuphunzitsa CPR osadetsa mawondo

Akutumizirani ophunzira, madokotala ndi anamwino a mawa, kuti muwaphunzitse kutsitsimutsa munthu amene mtima wake waima. Malo ake ndi pa Chonde pompano. Musade nkhawa aphunzitsi, ntchito imeneyi imatheka jekete muli chivalire.

Yambani ndi chidole. Chidole chija amaphunzirirapo kudinikiza pachifuwa, chimene Asmund Laerdal wa ku Norway adatulutsa m'chaka cha 1960 n'kuchitcha Resusci Anne, n'chodula, ndipo chinthu chodula sapatsa ana. Chikhale m'bokosi lake, bokosilo mulitsekere m'chipinda, kiyi apite nayo abwana kumsonkhano ku Mangochi. Chaka chikatha chidakali m'pulasitiki, ndiye kuti mwasamala katundu.

Ophunzirawo apatseni manotsi. Lembani pabolodi: kudinikiza ka 30, kuuzira mpweya kawiri, liwiro likhale ka 100 mpaka 120 pa mphindi, chifuwa chizilowa masentimita 5 kapena 6. Aloweze ngati katekisimu. Zoti masentimita 5 pachifuwa cha bambo wonyamula matumba pamsika amalira zigongono zowongoka ndi thupi lonse kutsamira pazikhatho, zoti pakatha mphindi ziwiri manja amalefuka ndipo pamafunika wina wolandira, akadzionere okha tsiku la tsikulo. Mwana wasukulu asamadziwiretu zonse, amayamba matama.

Akakukakamizani kuti muwaonetse, musagwade pansi, simenti imadetsa thalauza. Onetserani pabedi la matiresi ofewa bwino, kuti mukamadinikiza azilowa ndi matiresiwo, mtima uli phee. Kenako aopsezeni za nthiti. Auzeni kuti nthiti imatha kuthyoka, koma musawauze kuti nthiti imapola pamene ubongo supola. Adzasisita pachifuwa mwaulemu ngati akupaka mwana mafuta.

Chachikulu n'kuwaphunzitsa kudekha. Mabuku amati kufufuza ngati mtima ukugunda kusapitirire masekondi 10, ati chifukwa ubongo ukasowa mpweya umayamba kuwonongeka pakatha mphindi 4 mpaka 6. Koma makolo athu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wophunzira ayambe wafunsa kabuku ka kuchipatala, afunefune makina a BP, apeze kuti mabatire adatha, atume mnzake kukagula. Wodwalayo akakoka mpweya kamodzikamodzi ngati mkonono, anene kuti “akupuma awa, asiyeni”. Kumeneko kumakhala kupuma kwa munthu amene mtima waima kale, koma zimenezo zili patsamba lakutsogolo, ndipo nthawi ya Fanta yakwana.

Pa Chonde odwala sasowa. Msewu wochokera ku Limbe kupita ku Muloza wadutsa pomwepa, maminibasi ndi akabaza akulimbirana tala. Mu Okutobala kumabwera chinamtindi cha Mulhako wa Alhomwe, dzuwa lili phwee, madala akuvina tchopa mpaka miyendo kunjenjemera. Wina akagwa, anthu amadziwa kale chochita: uyu wathira madzi kumutu, uyo akukupiza ndi chitenje, winayo akujambula pafoni. Wophunzira wanu asasokoneze. Aimbire ambulansi kuboma, aike manja kumbuyo, adikire. Akakhalapo wamakani wokumbutsa kuti ngakhale Bingu wa Mutharika, amene adayambitsa Mulhako, adagwa ku State House mu Epulo 2012 mtima utaima, choncho matendawa sasankha, muuzeni kuti m'kalasi simukamba ndale.

Za makanda ongobadwa kumene osalira, muzidumphe. Kumeneko kuwerenga kwake ndi 3 kwa 1, ndipo chofunika koyamba ndi mpweya wa m'kathumba kaja ka Ambu. Manambala akachuluka amasokoneza ophunzira, komanso kathumbako mwina kali m'chipinda chomwe chija, pamodzi ndi chidole.

Maphunzirowa achitike kamodzi basi. Ena amati manja amaiwala pakangotha miyezi yochepa, ndiye pamafunika kubwereza. Manja aiwale, satifiketi siiwala. Asaine alawansi, mujambulitse nonse mutanyamula mapepala anu, mutumize chithunzicho pa WhatsApp.

Inuyo aphunzitsi, mapiritsi anu a BP aja musamadumphitse. Amene adzakhale pantchito tsiku limenelo ndi ana omwewa.