Malangizo kwa Mphunzitsi wa Judo Wofuna Kuvulaza Ana Mwadongosolo

Yambani ndi pansi. Pezani holo ya simenti, musese pakati pokha. Matiresi ndi okwera mtengo, ndiponso mwana wogwera pofewa sachedwa kuiwala phunziro. Wina akakupatsani matiresi akale, ayaleni motalikirana pang'ono, mpata wokwana chala chachikulu cha kuphazi. Chalacho chikakodwa pamenepo thupi lili mkati motembenuka, fupa limathyoka lokha. Matiresiwo musawatsuke. Thukuta la anthu 30 limalera chipere bwino kwambiri, ndipo mwezi ukamatha aliyense adzakhala ndi chidindo cha kalabu pakhosi, chozungulira bwinobwino, chaulere.

Polemba ana atsopano funsani za ndalama basi. Za mphumu, za khunyu, kapena nambala ya foni ya makolo, mudzazidziwa tsiku lake likakwana.

Judo inayamba ndi Jigoro Kano ku Tokyo mu 1882, ndipo kusukulu yake ya Kodokan munthu amayamba waphunzira kagwedwe, komwe amati ukemi: chibwano pachifuwa, dzanja limenye pansi, mutu usakhudze. Zimenezi zimadya milungu yambiri. Inu dumphani. Tsiku loyamba lomwelo tengani kamwana ka zaka 9, mukapatse mnyamata wa Fomu 4 wolemera makilogalamu 70, muwaonetse osoto-gari, kupinga mwendo kumene kumagwetsa munthu chagada. Kwa mwana wosadziwa kagwedwe, nkhongo ndiyo imayamba kufika pansi.

Apa ndiye pamafunika ukatswiri wanu wonse. Mwana akadzuka akudzandira, atagwira mutu, n'kufunsa kawiri kuti lero ndi lachingati, dziwani kuti umenewo ndi ulesi. Akati akumva chizungulire, muuzeni kuti mwamuna salira. Akasanza, lengezani kuti wadya nsima yambiri. Muwazeni madzi kumaso, mummange lamba bwino, abwerere pakati. Changu n'chofunika, chifukwa ubongo umene wagwedezeka kale sulira kugunda kwamphamvu kachiwiri. Kugunda pang'ono chabe kukhoza kuutupitsa. Nthawi zina kamtsempha kong'ambika pansi pa chigaza kamadontha magazi mwakachetechete mwanayo akuyenda, akuyankhula, mpaka madzulo. Choncho musauze makolo kuti wagunda mutu. Angamuthamangire naye kuchipatala nthawi ikadalipo.

Njirayi inayesedwa kale m'maiko ena. Ku Japan, ana asukulu opitirira 100 anafa pochita judo pakati pa 1983 ndi 2011, ambiri atavulala m'mutu, ndipo ambiri anali ongoyamba kumene. Ku Taichung, m'dziko la Taiwan, mu Epulo 2021, mnyamata wa zaka 7 anagwetsedwa ka 27 pa phunziro limodzi. Anadandaula mutu, anasanza, mphunzitsi nati akunamizira. Anagona chikomokere masiku pafupifupi 70, namwalira mu Juni.

Pophunzitsa kukanyanga pakhosi, musatchule kuti wokanyangidwa akagogoda ndi dzanja, mnzake ayenera kusiya pomwepo. Auzeni kuti kugogoda n'kwa amantha. Magazi akaleka kufika ku ubongo, munthu amakomoka m'masekondi ochepa, ndipo inu panthawiyo muzikhala muli panja, mukuyankha foni. Kalasi isiyireni amene ali ndi lamba wooneka wakale.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, tsekani mawindo. Madzi akumwa aletseni. Ludzu limalimbitsa mtima. Ngati kukubwera mpikisano ndipo wina wapitirira pasikelo, mumuveke majumbo apulasitiki mkati mwa juzi, athamange masana, azilavula malovu m'botolo.

Bokosi la mankhwala likhalepo, alendo azilione. Muikemo thonje lachikasu ndi lumo, mulikhome, makiyi musiye kunyumba. Wina akatuluka magazi m'mphuno, pukutani ndi nsanza imodzi yomweyo imene mumapukutira onse.

Tsiku limene mwana adzagwe osadzukanso, musamusiye chigonere kudikira odziwa. Itanani anyamata anayi, awiri manja, awiri miyendo, khosi lizilendewera. Mukwezeni pa kabaza, wina amugwirire kumbuyo. Otsalawo abwerere m'mizere yawo, popeza ola limene analipira silinathe. Bambo ake akabwera kudzafunsa, auzeni kuti, "Pepani bambo, anatuluka muno ali bwinobwino."