Ulemu upite kwa mapu osathamanga

Ena amatamanda njinga yamoto chifukwa cha liwiro, ena chifukwa chosamwa mafuta. Ine lero ndavula chisoti polemekeza kachipangizo ka GPS komangirira pa handulo ya njinga yanga, kamene mapu ake amafika pamalo ine nditadutsapo kalekale. Ndidakagula kwa munthu amene adabwera nako kuchokera ku Ulaya, katatumikira kale wina, ndipo chifikireni, mpaka posachedwapa, kanali kasanapupulumepo ngakhale tsiku limodzi. Khalidwe la akuluakulu limenelo. Mfumu sifika pabwalo anthu asanakhale pansi.

Taonani kudekha kwake. Ndikanyamuka ku Lilongwe m'mawa pa msewu wa M1 n'kukayatsa, kamayamba kalingalira kaye. Sikirini imayera mbee, pakati pali kamuvi kokhakokha ngati mwanapiye wosiyidwa pa dwale. Kenako mapu amabwera zigambazigamba, monga amasokera telala wolandiriratu ndalama: kansalu kobiriwira kumanzere, mtsinje wopanda mlatho, dzina la mudzi umene fumbi lake ndalikutumula kale. Ine ndikuwoloka Linthipe, iko kakadali pa Nathenje, kakupereka moni kwa eni malo.

Musanamizire masetilaiti, iwo ntchito amagwira. Ali kumwambako pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, akuzungulira dziko kawiri pa tsiku. Asilikali a ku America adaponya yoyamba mu 1978, ndipo mu May 2000 Bill Clinton adalamula kuti aleke kusokoneza dala uthenga wopita kwa anthu wamba ngati ife. Anayi okha akwanira kuti kachipangizo kadziwe pomwe kali. Komabe nawonso salankhula mothamanga: uthenga wawo wonse umatha mphindi 12 ndi theka kuti umveke mpaka kumapeto, n'chifukwa chake GPS imene yagona nthawi yaitali m'kabati imadzuka ngati munthu wa matsire. Ngati akumwamba omwe amayankhula mwachifatse chotere, ife ndife yani kuti tikalipire kabokosi ka pa handulo?

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti masetilaiti satumiza mapu. Amangothandiza kupeza manambala a malo. Misewu, mitsinje ndi mayina a midzi zili m'kachipangizomo, pa memori khadi yaing'ono ngati chikhadabo. Ndiye kuti kanga kamadziwa bwino lomwe pamene ndili, kungoti sikafuna kuulula msanga. Ndi anthu angati masiku ano amene angadziwe kanthu n'kukhala chete?

Phindu lake ndidaliona tsiku lina ndikupita kunyanja. Ndimayenera kukhota pa Masasa kutsikira ku Golomoti, koma mapu anali akusinkhasinkhabe za Bembeke. Ndidangozindikira ndili pa Lizulu, paja msewu womwewo ndiwo malire, uku Malawi uku Mozambique. Ndidaima, kuzimitsa njinga, kuvula magolovesi, n'kuchita chinthu chimene ndinali nditachiiwala: kupereka moni.

"Mwaswera bwanji, mayi? Njira ya ku Golomoti ndi iti?"

"Taswera bwino, bambo, kaya inu. Mwaipitirira m'mbuyomu. Kodi kawailesi kanuko sikanakuuzeni?"

"Kandiuza, mayi, koma mawa."

Adaseka mpaka kugwira m'nthiti, n'kuitana anzawo kuti adzaone mlendo wosochera ali ndi dziko lonse pa handulo. Ndidachokapo ndi njira, ndowa ya kachewere yoikira pulaizi, kabichi ziwiri, komanso nkhani yonse ya mtengo wa feteleza chaka chimenecho. Safunsa adadya phula, koma ine wofunsa ndidadya tchipisi sabata yathunthu. Ndi makina ati ena amene adadyetsapo banja pongochedwa?

Potsika Khwekhwerere, kachipangizo kadaonetsa ukulu wake weniweni. Pa makona aja otsatizanatsatizana, kadangoti zii, sikirini mbee, ngati kakunena kuti, "Mwanawe, yang'ana msewu." Ndidayang'anadi msewu, ndipo mbuzi yomwe idadumphira kutsogolo kwanga ndidaiona ndi maso anga awiri. Mapu achangu akadandikopa kuti ndiziwasirira, bwenzi pano tikukamba zina.

Tsoka lidabwera ndi mphwanga amene amakonza mafoni. Adakalumikiza ku kompyuta yake, n'kupukusa mutu.

"Amalume, kachipangizoka kalibe mlandu. Mwakasenzetsa katundu wa ngolo."

Adandionetsa zonse. Mapu a Ulaya yense anali oyatsa limodzi ndi a kuno, moti pofuna kujambula Dedza kamayamba kaunguza ku Germany. Maulendo onse a mwini wake wakale, timadontho zikwizikwi ta zaka zambiri, anali chikhalire m'mimba mwake. Kadatcheredwa kuti kazionetsa kanjira kalikonse ndi nyumba zoimirira za 3D, ngati kuti pa Masasa pali nsanja za London. Khadi yake inali yotchipa, yowerengeka pang'onopang'ono, ndipo kugwedezeka kwa m'makumbi kudaikhwefula. Pulogalamu yake inali isanasinthidwepo chigulireni. Ine pomva zimenezi ndidangokalemekeza koposa. Bulu wosenza Ulaya yense pamsana n'kumafikabe pa Nathenje, ameneyo ndi womuombera m'manja.

Mwanayo sadamve. Adazimitsa mapu osafunika, kufufuta maulendo a mwini wake wakale uja, kuchepetsa tinjira toonetsa, kuchotsa 3D, kuika khadi yatsopano ya Class 10, kupukuta timano ta chomangirira chake ndi kuikamo pulogalamu yatsopano. Zonsezi ola limodzi silidakwane.

Tsopano mapu amathamanga ngati kabaza woona okwera atatu. Pa Masasa amandiuza kukadali kutali, ndimakhota mosaphonya, ndipo ndimafika ku Golomoti ndisanalankhule ndi munthu ndi mmodzi yemwe. Amayi a kunyumba afunsa kale kawiri kuti kachewere uja adathera kuti. Khadi yakale ija sindidataye, ili m'bokosi la machesi pansi pa chishalo, ndipo Loweruka likubwerali ndili ndi ulendo wa kunyanja.