Ulendo wa ku France wothera pabalaza

Ku Chembe kuno munthu akakwera njinga timadziwa kuti pali kumene akupita. Uyu akuthamangitsa dengu la usipa ku Monkey Bay dzuwa lisanatuluke, uyo wamanga thumba la chimanga wa kuchigayo, winayo wakweza apongozi ake ndipo akupalasa mwaulemu ngakhale miyendo ikulira. Njinga ikaima ndiye kuti tayala laphwa, tcheni yaduka, kapena mwini wake wakhalira bawo. N'chifukwa chake mphwanga atatulukira kuchokera ku Joni ndi makina oti munthu azipalasa osasuntha ngakhale phazi limodzi, ndinayamba ndamuyang'ana m'maso kuti ndione ngati zonse zili bwino m'mutumo.

Anyamata a ku Mangochi akapita ku Joni amabwera ndi zinthu zomveka: firiji, masofa, njinga yamoto, ena mpaka injini ya boti. Wathuyu anatsitsa chichitsulo cholemera chimene bwana wake, yemwe amamutchetchera kapinga, anatopa nacho. Nditafunsa ntchito yake anati, "Amalume, ichi chikutengerani ku France muli pabalaza pomwe pano." Ndinamukumbutsa kuti sitima ya Ilala imene amishoni anabwera nayo kuno mu 1875, anthu anachita kuisenza zidutswazidutswa polambalala mathithi a mu Shire, koma itafika panyanja inkayenda ndithu. Iye anangoseka n'kuyamba kumasula tayala.

Kagwiridwe kake n'kotere. Umachotsa tayala lakumbuyo, tcheni n'kuikoleka pa magiya a chitsulocho. Chitsulo chimalumikizana ndi tabuleti pa Bluetooth, ndipo pagalasipo pamaoneka msewu ndi kamunthu kovala kabudula wothina, kamene akuti ndiwe. Msewu ukafika pachitunda, pulogalamu imauza chitsulo kuti chiumitse, maginito a m'katimo n'kugwira gudumu; ukafika pamtsetse chimamasula. Mapulogalamu ake alipo angapo. Zwift, yomwe inayamba mu 2014, ili ndi dziko lakelake longopeka lotchedwa Watopia, lokhala ndi phiri lophulika moto komanso msewu wodutsa pansi pa nyanja. Rouvy imakuonetsa kanema wa misewu yeniyeni imene anthu anajambula. Monsemo umapalasa limodzi ndi anthu enieni, aliyense ali m'nyumba mwake, kambendera ka dziko lake kali pambali pa dzina.

Njinga yanga inakanika kulowa pachitsulocho. Ili ndi magiya awiri okha: loyamba ndi kupalasa, lachiwiri ndi kutsika n'kumakankha. Tinamangapo ya mphwangayo, yamatayala opyapyala, yachishalo chimene anachipangira munthu wopanda pokhalira.

Mundimvetse, ine si mlendo panjinga. Paunyamata wanga ndinali wakabaza, ndipo msewu wa makilomita pafupifupi 18 wochoka pamphambano ya ku Monkey Bay kudzafika kunyanja kuno ndimaudziwa chitunda chilichonse. Ndakwezapo azungu a zikwama zazitali kuposa eni ake, makireti a zakumwa, ngakhale mbuzi imene sinkagwirizana ndi ulendowo. Choncho ndinakwera njinga ya mphwanga ndi mtima wa mphunzitsi wobwera kudzayendera sukulu.

Tisanayambe, tabuleti inafunsa msinkhu wanga ndi kulemera kwa thupi langa. Mphwanga anafotokoza kuti chitsulo chimangoyeza mphamvu ya miyendo, m'mawati omwewa timaona pababu. Liwiro la kamunthu kaja pulogalamu imachita kuwerengetsa, ndipo pachitunda chofunika ndi mawati amene ukutulutsa pa kilogalamu iliyonse ya thupi lako. Akatswiri a mpikisano wa njinga wa Tour de France akamakwera mapiri amafika mawati pafupifupi 6 pa kilogalamu. Ndinati alembe 60, popeza sikelo inkanena choncho chaka chimene ndinakwatira, ndipo chiyambire palibe mfumu kapena ofesi ya boma imene inandilembera kalata yondiuza kuti zasintha.

Abale, kamunthu kanga kanauluka. Ndinapitirira wa mbendera ya Japan, ndinapitirira anyamata awiri a ku Germany, ndinayamba kale kuganiza zoti ndidzanene chiyani pawailesi. Mayi akunyumba, amene ankasankha mpunga pakhomo, anasuzumira n'kufunsa kuti 60 imeneyo ndi chiyani. Atauzidwa anaika lichero pansi kuti aseke bwino. "Abambo a ana, 60 imeneyo ndi mimba yokhayo kapena mwaphatikiza ndi miyendo?" Mphwanga, mwana wosadziwa kusunga chinsinsi cha banja, anafufuta n'kulemba 94. Nthawi yomweyo wa ku Japan uja anandidutsa, a ku Germany anandidutsa, kenako ndinadutsidwa ndi kamunthu kaimvi kamene kanandibayibitsa.

Nali vuto loyamba la makinawa. Miyendo yomweyo, thukuta lomwelo, koma liwiro lasintha chifukwa cha mawu a munthu amene akusankha mpunga. Amakhulupirira aliyense amene wagwira tabuleti. Ndipo si ine ndekha amene ndinaona khomo limeneli. Anthu amanamiza sikelo mpaka pa mipikisano ikuluikulu amawalamula kujambula kanema ataima pasikelopo. Mu 2019 katswiri wina wa ku Britain analandidwa chikho cha dziko lawolo atapezeka kuti anagwiritsa ntchito njira yonamiza pulogalamu kuti akupalasa, n'cholinga choti apatsidwe njinga yothamanga kwambiri ya m'kompyutamo. Taganizani, munthu kutaya ulemu chifukwa cha njinga imene sangapite nayo ngakhale kumsika. Ine akadzandiitana ku mpikisano ndidzakayezetsa pasikelo ya mavenda ogula chimanga. Pamenepo thumba la 50 limatsika lokha, ndiye inenso ndikhoza kubwerera m'ma 80 popanda kunama.

Titamaliza mlandu wa sikelo, mphwanga anasankha phiri. Akuti Alpe d'Huez, kumene a Tour de France amakakhetsera misozi: makilomita pafupifupi 14, makona 21, ndipo pa mamita 100 alionse msewu umakwera mamita 8. Makonawo amawawerenga chobwerera, 21 kumunsi, 1 kumtunda. Akatswiri ena analikwerapo mphindi zosakwana 40. Ndinamuuza kuti munthu wokulira pansi pa mapiri a kwa Nankumba sangaope phiri lapagalasi.

Pofika kona ya 19 malaya ndinali nditavula. Apa makinawo ndiwapatse ulemu wake, kuwawa kwake n'kwenikweni. Ntchafu zinayaka, mtima unasamukira m'makutu, lilime linauma gwa. Koma panjinga yeniyeni mphepo imakuomba n'kumaumitsa thukuta. Pabalaza la nyumba yamalata, mwezi wa Okutobala, m'boma la Mangochi, mphepo imakhala ili patchuthi. Thukuta linapanga chithaphwi pasimenti mpaka bakha wathu analowa kudzaona ngati n'chosambamo. Mphwanga anati kwawo kwa makinawa amagula fani yapadera imene imawonjezera mphepo iwe ukawonjezera liwiro, ndi kachitsulo kena kotukula kutsogolo kwa njinga msewu ukamakwera. Ife tinaitana mdzukulu kuti azikupiza ndi katoni. Anakupiza pang'ono n'kufunsa za malipiro, ndipo nditamuuza kuti agogo salipira, mphepo ya ku France inathera pomwepo.

Nkhani ku Chembe siichedwa. Ana anadzaza pazenera. Amayi ochokera kotsuka mbale kunyanja anaima ndi mabeseni pamutu. Ngakhale alovi, amene amayenera kukhala akugona pokonzekera usipa wausiku, anabwera kudzaona bambo wathunthu akuthawa osachoka. Ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti n'chizimba, sing'anga wandiuza kuti ndipalase njinga yosayenda kuti ndipeze chuma. Mnzakeyo anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuyankha kuti ngati ndi choncho ndinapeza sing'anga wankhanza.

Pa kona ya 15, ndili wefuwefu, ndinauza mphwanga kuti phiri ili ndi lachimuna ndithu ndipo anthu a ku France ndawavulira chipewa. Iye anakanda m'mutu. "Amalume, limeneli ndi theka." Akuti Zwift imabwera itatcheredwa kale pa 50 peresenti: msewu wapagalasi ukamakwera 8, miyendo imamva 4. Sikuti ufika msanga ayi, pulogalamu imawerengabe phiri lonse, kungoti imakufewetsera pedulo kuti magiya asakuthere. Ndipo yathuyinso iye anaitchera chimodzimodzi, akuti pondimvera chisoni. Ine mpaka lero ndikukhulupirira kuti chitsulocho chinagwedezeka m'basi pakati pa Beitbridge ndi Mwanza, n'kuyamba kuchulukitsa pamene chimayenera kugawa.

Kenako panachitika chozizwitsa. Anthu onse amene ankandidutsa aja anazimiririka. Kutsogolo zii, kumbuyo zii, msewu wonse wanga. Ndinadziwa kuti wakabaza wakale uja wadzuka m'mafupa mwanga ndipo azungu atheratu mphamvu n'kukhala pansi. Ndinasiya handulo n'kukweza manja m'mwamba, ana apazenera n'kuwomba m'manja, mayi wachizimba uja mpaka nthungululu. Mphwanga anadikira kuti phokoso lizizire kaye. "Amalume, bandulo yatha." Akuti intaneti ikaduka anzako onse amasowa, umatsala wekha m'dziko lopanda anthu.

Tili mkati mokambirana za amene agule bandulo ina, magetsi anathima. Chitsulo chinamasula mwadzidzidzi, pedulo inathawa phazi, bondo n'kukapereka moni kwa handulo. Phiri la ku France linathera pa kona ya 13, ndipo ndikumva kuti makona enawo akadalipo. Pa zonse zimene makinawa anandionetsa, ichi chokha n'chimene ndinachizindikira kuti n'chakwathu: ulendo wothera panjira pa zifukwa zimene woyendayo sakuzidziwa.

Madzulo, ine ndikuthowa bondo ndi madzi otentha, mphwanga anayamba kuikira makina ake kumbuyo. Anati mu February 2016 katswiri wa ku Australia, Mathew Hayman, anathyoka mkono pa mpikisano, n'kumachita masewera pa makina omwewa m'galaja ya kunyumba kwake, ndipo mu April chaka chomwecho anapambana Paris-Roubaix, mpikisano wa makilomita oposa 250 wodutsa m'misewu yamiyala. Anati mu July 2020, Covid-19 itachedwetsa Tour de France, akatswiri anapikisana pa Zwift ali m'nyumba. Anati mu December chaka chomwecho bungwe loyang'anira mipikisano ya njinga la UCI linachititsa koyamba mpikisano wa dziko lonse wa njinga zosayendazi, ndipo kumbali ya amayi anapambana Ashleigh Moolman-Pasio wa ku South Africa. Dzina limeneli analitchula monyadira, mungaganize kuti ankakwera naye minibasi imodzi. Kumbali ya abambo anapambana Jason Osborne wa ku Germany, amene panthawiyo ankadziwika ndi mipikisano ya mabwato. Pamenepa ndinatchera khutu, chifukwa zikutanthauza kuti alovi ankandiseka pazenera aja ndi akatswiri amene dziko silinawapezebe.

Zimenezo sindikutsutsa. Miyendo siidziwa ngati phiri ndi lamiyala kapena lamaginito, ikazunzika imalimba basi. Koma anthu onse amene mphwanga anatchulawo katundu wawo ndi botolo la madzi. Ukafunsa ngati makinawa amafanana ndi msewu weniweni, ufunsenso kuti msewu wa yani. Wathu kuno mulibemo. Mulibe mchenga wa m'mudzi muno, umene umameza tayala lakutsogolo n'kukugoneka pansi pamaso pa amayi oyanika usipa pathandala. Mulibe mwera wa mu July, umene umakubweza kunyumba iwe ukupalasira kumsika. Mulibe anyani a m'paki yathu ya kunyanja kuno. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980, a UNESCO n'kuiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984, ndipo anyaniwo zikuoneka kuti anaimva nkhaniyi, chifukwa amakhala pakati pa msewu n'kumakuyang'ana kuti upatuke ndiwe. Mulibe pasinjala amene amapendekera kumanzere iwe ukukhotera kumanja, kenako pofika n'kukuuza kuti, "Achimwene, ndikuonani mawa."

Chachikulu, njinga ija imakhala yomangidwa. Ukhoza kutseka maso, kuyankha foni, kukanda pamsana, sungagwe. Ife amene tinanyamulapo matumba awiri a makala tikudziwa kuti theka la luso la njinga ndi kusagwa. Makina amene amachotsa kugwa, kuchotsa katundu, kuchotsa mchenga, n'kusiya kuwawa kokha, asankha mbali yoipa ya njinga n'kuigulitsa pa mtengo wokwera.

M'mawa mwake mayi akunyumba anaika thumba la chimanga pakhonde. "Poti dzulo munali ku France, chigayo si patali." Ndinawafotokozera kuti akatswiri onse amakhala ndi tsiku lopumula, ndipo mphwanga akhoza kuchitira umboni. Mphwanga anali atapita kunyanja. Thumbalo linapita ndi mdzukulu wakatoni uja, panjinga yanga ya magiya awiri, ndipo ndikumva kuti lachiwirilo sanaligwiritse ntchito. Ana amakono alibe ulemu.

Chitsulocho panopa chili pakona, chikusunga chopukutira ndi chipewa changa. Mwini boti wina wafunsa kale mtengo, akuti chingakhale nangula wabwino. Mphwanga anakwiya, koma ine ndaona kuti ndi ntchito yoyamba yoyenera imene chapeza chibwerere kuno.

Amene akufuna kupikisana nane asabwere ndi tabuleti. Tikumane pamphambano ya ku Monkey Bay, aliyense ndi thumba la makilogalamu 50 pakeliyala, woyamba kugwira madzi a nyanja ndiye katswiri. Koma osati mwezi uno, bondo likadali lotupa, ndipo mwezi wamawa kukhala kukutentha kwambiri.